Chikepe cha a Chisanga

Ku Lundazi konse kunalibe munthu wodziwa gulu la Akadzidzi kuposa a Ezron Mtonga, ndipo akanapezeka, a Ezron sakanamulola kumaliza chiganizo. Akadzidzi anali anyamata a ku Kopala, dera la migodi, amene m'zaka za m'ma 1970 ankaimba ndi magitala olira ngati mavu otsekeredwa m'chitini. Anajambula chimbale chimodzi chokha, chotchedwa "Pansi pa Mgodi", kenaka gulu linapasuka. A Ezron anapita ku Kitwe ali mnyamata kukasaka ntchito, koma tsoka lawo anafika gululo litangotha kumene. Sanawaonepo akuimba. Anangogula chimbalecho, ndipo ntchito itawakanika anabwerera nacho kwawo ku Mwase Lundazi atachikulunga m'chitenje, chili pamiyendo ulendo wonse, sutikesi ya zovala ikunyowa pamwamba pa basi.

Mbali yachiwiri ya chimbalecho ndi nyimbo imodzi basi, dzina lake "Chikepe". Ndi yaitali moti akazi awo, a Agness, ankati munthu atha kupita kumjigo, kutunga madzi, kucheza ndi anzake, n'kubwera isanathe. Imayamba ndi limba lotsika pang'onopang'ono monga amatsikira anthu mumgodi. Pakati pake ng'oma zimasinthasintha mayendedwe, oimba akungong'ung'udza. Ndiye kumapeto gitala imodzi imayamba kukwera, mofulumira, chala pa chala, mpaka kutulukira kunja kowala. Chigawo chimenechi a Ezron ankachitcha pokwera, ndipo chikafika ankavula chipewa.

Loweruka lililonse, akasiya za fodya ndi mtedza, ankapalasa njinga kupita ku boma, kushopu ya Bornwell wokonza mawailesi ndi mafoni. Bornwell ndiye ankasunga galamafoni yamoyo, ndipo nayenso anali wodwala matenda omwewo. Mkangano wawo unali umodzi chaka ndi chaka. Gululo linali ndi oimba gitala awiri, Kenan Chisanga ndi wina dzina lake Dalitso amene anamwalira kalekale, ndipo pachikuto cha chimbale sanalembe kuti pokwera paja anaimba ndani.

"Ba Mtonga, Dalitso ndiye anali na sipidi," ankatero Bornwell, maso ali pa foni ya wina. "Chisanga anali wopelekeza chabe."

"Iwe Bornwell, makutu yako yanaonongeka na mawailesi ya anthu. Bweza singano. Wamvela mwamene waya unjenjemela pothela? Ni chala cha Chisanga ico. Ku mbali yoyamba acita cimodzimodzi. Ningafe nalo liwu ili."

Analidi okonzeka kufa nalo. Mlandu wa Kenan Chisanga, munthu amene sanamuonepo, anaunyamula zaka zambiri kuposa mlandu uliwonse wa m'banja mwawo.

Ndiye tsiku lina, a Ezron ali m'chigafa kusanja fodya, foni inalira. Anali Bornwell, ndipo anali ndi nkhani. Namwino watsopano amene anamusamutsira kuchipatala chaching'ono cha kudera la a Ezron, Racheal, anabweretsa wailesi ya bambo ake kuti ikonzedwe. Bambowo, amene akazi awo anamwalira, anabwera kudzakhala ndi mwana wawo. Dzina lawo linali Kenan Chisanga, ndipo kuchipinda kwawo kunali gitala.

A Ezron anasamba masana dzuwa likuswa mtengo, anavala jekete la kutchalitchi, anamanga tambala pakaliyala, n'kunyamula chimbale chija. Anapeza nkhalamba yowonda, ya imvi mbuu, itakhala pakhonde. Anagwada. Anapereka moni, kenaka mawu anangotuluka ngati madzi a mumpopi wothyoka: holo imene gulu linayambira, woimba ng'oma woyamba amene anathawira ku Congo, sipika imene inapsa pojambula, zonse. A Chisanga anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu.

"Natotela mukwai," anatero pothokoza m'Chibemba chawo. "Muziba vambili kupambana ine. Ni vakale ivo."

"Nanga pokwela paja, adada, pa Chikepe, anaimba ndani? Kutsutsa galu n'kukumba, ine nabwela kwa mwine wake."

"Tenze kuimba tonse, ba Mtonga."

"Simungatiimbileko olo kamodzi? Ine sininakuoneni pa siteji."

"Zala zinakalamba, mukwai."

A Ezron sanagwe ulesi. Anabwera sabata yotsatira ndi mtedza, ina ndi mbatata, ina ndi uchi. Nthawi zonse ankapatsidwa mpando womwewo wa pakhonde ndi tiyi wa m'kapu ya alendo. Nthawi zonse anali "ba Mtonga". Iwo ankafunsa mafunso ngati a mayeso, a Chisanga ankayankha mwachidule n'kuyang'ana kumsewu. Komabe a Ezron ankakhutira. Ankati munthu wamkulu amatero, ndipo m'boma lonse ndi iwo okha amene ankadziwa ukulu wake.

Zinthu zinasokonekera chifukwa cha mkaka. A Manasseh Thole, Mngoni wa ng'ombe zambiri ndi pakamwa posatopa, amene munda wawo unachita malire ndi wa a Ezron, ankagulitsa mkaka kunyumba za anamwino. Anafika ndi chigubu chawo a Ezron ali pakati pofotokoza za limba lija. A Chisanga anapereka moni, ndipo a Manasseh atangomva lilime la kumpoto anaimika njinga n'kugwira m'chiuno.

"Ah! Kansi kuno kwabwela Mubemba? Racheal mwana wanga, ubise mapoto! Iwe mbuya, kwanu anyani anasila kuti ubwele kuno? Nikuuziletu, ku paki ya nyama ya Lukusuzi kuli magadi. Ukagwila pusi olo umodzi bazakumanga!"

A Ezron anafuna kudzuka kuti atseke pakamwa pa munthu wopanda mwamboyu. Koma a Chisanga anaponya mutu kumbuyo n'kuseka, kuseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee.

"Wakudya mbeba iwe! Kamba bwino, mucila wa mbeba ukali kulendewela pakamwa. Mkaka uyu wathilamo manzi yangati?"

Chimenechi ndi chimbuya. Makolo a Angoni ndi Abemba anamenyana ndi mikondo, ndipo atatopa anagwirizana kuti zidzukulu zawo zizimenyana ndi pakamwa. Mbemba ndi munthu wa kum'mawa akakumana, angakhale sanaonanepo, amanyozana momasuka, wina wakudya anyani, wina wakudya mbewa, popanda wokwiya. A Ezron ankaudziwa mwambowu bwino lomwe. Kungoti sanaganizepo kuti woimba gitala wa Akadzidzi angakhale mbuya wa munthu. Kwa miyezi yonseyi anali asanaonepo mano a a Chisanga, ndipo lero anawaona onse, mpaka a m'mbali osweka, chifukwa cha wogulitsa mkaka.

Kuchokera tsiku limenelo awiriwo anali chala ndi mkanda. A Manasseh ankalowera khomo la kukhitchini, kumwera kapu iliyonse imene aipeza, n'kukhala pampando wa eni ake. Ankawakweza a Chisanga pangolo kupita nawo kudimba. Ankasewera nsolo pansi pa mtengo wa mango akutukwanizana mitundu. A Ezron akafika ndi jekete lawo, a Chisanga ankapukuta nkhope, kuseka kuja n'kuzimiririka, n'kunena kuti, "Racheal, bwelesa mupando, ba Mtonga babwela."

Chowawa kwambiri chinali chakuti a Manasseh za chimbalecho sankadziwa kanthu. Bornwell atawaimbira kamodzi, anamvetsera pang'ono n'kufunsa ngati chigayo chatha dizilo. Munthu ameneyu, amene sakanatha kusiyanitsa limba ndi belu la ng'ombe, ndi amene a Chisanga ankamuuza za usiku umene galimoto ya gulu inafera m'tchire, za mtsikana wa ku Mufulira, za njala imene anagona nayo pojambula. A Manasseh nkhanizo ankazitaya m'njira ngati makoko a nzimbe, theka ataiwala, maina atasokoneza. A Ezron ankazitola kwa iwo, mtima ukuwawa.

Inali nsanje, palibe dzina lina. Inawalanda tulo ndi chilakolako cha chakudya. Ng'ombe za a Manasseh zikadutsa m'malire ankazigenda ndi miyala yaikulu kuposa kale.

"Awiske Uchizi," anatero a Agness tsiku lina akusenda mtedza, powaitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo, "zaka zonse izi ine simunanicitilepo nsanje olo kamodzi. Lelo muonda cifukwa ca mudala wa ku Kopala? Mukamulobole tizibe cimodzi."

"Iwe suziba vamene ukamba. Uja munthu ni cuma ca dziko. Manasseh amusewelesa monga mwana wa mbuzi."

"Kapena afuna kusewela. Imwe mumupembeza monga ni manda."

A Ezron anatuluka n'kukamanga mpanda umene sunali wothyoka.

Nkhani yaikulu anaimva kwa Bornwell, ndipo zimenezi zokha zinali chipongwe. A Manasseh anali atawanyoza a Chisanga kuti gitala ija ndi yokongoletsera nyumba, kuti Mbemba ndi bodza ndi mapasa, kuti mwina anaiba kwa mzungu. A Chisanga anamenya pachifuwa n'kulumbira kuti pa ukwati wa Belinda, mwana wa a Manasseh, mwezi wa Ogasiti fodya atagulitsidwa, adzaimba "Chikepe" yonse, kuyambira potsika mpaka pokwera. Bornwell anali atayamba kale kukonza sipika yakale ndi kufuna batire. Racheal ankati bambo ake akudzitsekera kuchipinda m'mawa uliwonse, ndipo akatuluka amaviika zala m'madzi ofunda.

A Ezron anakhala pansi pa benchi ya m'shopumo. Chinthu chimene anachilakalaka kuyambira ali mnyamata chinali kubwera, ndipo adzachimva ndi makutu awo, pamtunda woyenda ndi miyendo kuchokera pakhomo pawo. Anakondwa mpaka maso anachita misozi. Koma chimwemwecho chinali ndi mchenga. Iwo anapempha atagwada, ndi tambala, ndi uchi, anakanidwa. Wina anangotukwana n'kupatsidwa.

Pobwerera kumudzi anaganiza mozama. Kodi iwo si a kum'mawa? Mtumbuka ngati iwo naye ali ndi ufulu wa chimbuya. Ngati khomo la a Chisanga limatseguka ndi chipongwe, iwonso pakamwa ali napo. Anayeserera nthabwala njira yonse, akulankhula okha panjinga, moti amayi ena ochokera kuchigayo anapatuka.

Kutatsala masiku ochepa kuti ukwati uchitike Loweruka, anapita kwa a Manasseh osavala jekete. Anawapeza pansi pa mango paja, a Manasseh, a Chisanga ndi Bornwell amene anabwera kudzayesa mawaya. A Chisanga ankapaka mafuta m'zala, akuzipinda ndi kuziwongola mosamala.

"Monire mose," anatero a Ezron. Anakhosomola. "Ba Chisanga, eh, kodi, pepani, anyani aja mukali kudya?"

Zinatuluka ngati funso la kalembera. A Chisanga anawayang'ana modabwa n'kuyankha mwaulemu wawo wa nthawi zonse.

"Awe mukwai, sitidya. Khalani pansi, ba Mtonga."

A Manasseh anagwa chagada ndi phwete. "Mayo ine! Ezron, nthabwala unaipempha na pepani? Mbuya, uyu musiye, ni wa mabuku. Akalota alota iwe. Ezron, cimbuya si ca aliyense, bwelela ukavale jekete!"

Bornwell naye anaseka. Ngakhale a Chisanga anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunali kwa chisoni, monga amachitira munthu poona mwana atagwa. Pamenepo nsanje ya miyezi yonse ija inakwera kumutu. A Ezron anafuna mawu amene angalase, oti a Manasseh sangawapeze, ndipo anawapeza pamalo amodzi okha pamene iwo anali katswiri.

"Cabwino, mbuya," anatero mokweza, akudzikakamiza kuseka. "Mubemba angakweze Chikepe? Pokwela paja sunaimbe ndiwe. Anali Dalitso. Ise tamene timvela cimbale tiziba. Iwe wenze kupelekeza cabe kumbuyo. Zala izo olo uzipake mafuta ya galimoto, pa Ciwelu pa ukwati sizizafikapo."

Palibe anaseka. Chimbuya chili ndi lamulo lake losalembedwa: umanyoza mtundu, osati bala la munthu, ndipo umanena zimene aliyense akudziwa kuti ndi zabodza. A Manasseh akanalankhula mawu omwewo akanangopita ndi mphepo, poti iwo gitala sankaidziwa. Koma anatuluka m'kamwa mwa munthu amene ankadziwa kunjenjemera kwa waya uliwonse m'chimbalemo.

A Chisanga anasiya kupaka mafuta. Anayang'ana manja awo kwa nthawi, kuseri ndi kumaso.

"Imwe ndimwe muziba cimbale, ba Mtonga," anatero motsitsa. "Ine papita zaka sininacimvele."

"Ezron, wamwa?" anafunsa a Manasseh, ndipo aka kanali koyamba kuwamva akulankhula osaseka.

Bornwell yekha ndiye maso anawala. "Ba Mtonga, so mwavomela manje?"

A Ezron anafuna kunena kuti ayi, ndi nthabwala, ndi chimbuya, sindikhulupirira ngakhale liwu limodzi. Koma manyazi anawaletsa. Anatenga njinga yawo n'kuchoka akuikankha. M'mawa mwake anafika mpaka pageti la nyumba ya Racheal, koma atamva gitala ikulira chapansipansi kuchipinda, kuyamba chigawo chimodzi, kulekeza, kuyambanso, kulekezanso, anabwerera. Anadziuza kuti nkhalambayo ikadzangoimba bwino Loweruka, adzapita pamaso pa anthu onse kukagwada n'kunena zoona.

Loweruka linafika ndi mphepo yake ya Ogasiti. Kwa a Manasseh kunali anthu ngati nyerere, ng'ombe itaphedwa, amayi a kwaya atavala zofanana. Mphatso zitaperekedwa, dzuwa litapendeka, a Manasseh anatenga maikolofoni.

"Manje khalani cete! Nili na Mubemba wanga pano, ninamugula na mkaka. Akuti aziba kuimba. Mukaona alephela, mumuponyele nthoci!"

Anthu anaseka. A Chisanga anabwera atavala shati yofiira yakalekale, gitala ili pachifuwa, n'kukhala pampando pafupi ndi sipika ya Bornwell. A Ezron anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola, chipewa chili kale m'manja.

Nyimbo inayamba. Panalibe limba, panalibe ng'oma, koma nkhalambayo inazitulutsa zonse m'mawaya asanu ndi limodzi. Chikepe chinatsika. Ana analeka kuthamangitsana, amayi a kumoto anabwera ndi zikho m'manja. A Ezron anamva waya ukunjenjemera pothera, ndendende monga m'chimbale, ndipo tsitsi linawaima. Ndi iyeyu. Analidi iyeyu kuyambira kale. Misozi inatsika osaipukuta, milomo ikuyenda ndi nyimbo. Mdima wa pakati uja unadutsa, ndipo anadziwa kuti kwatsala pang'ono, pokwera pafika.

A Chisanga anasuntha dzanja kupita kumunsi kwa gitala kumene kuli mawu ang'onoang'ono. Anayamba bwino, makwerero oyamba, achiwiri. Kenaka anadzutsa mutu, maso awo anayenda pamwamba pa anthu onse mpaka anapeza a Ezron pakhola paja. Chala chinaterereka. Anabwereza, chinatererekanso. Anakhala kamphindi dzanja lili m'malere, ndiye analibweza kumtunda, anakwapula mawaya onse pamodzi katatu monga amathera nyimbo za kutchalitchi, n'kuleka.

Nthungululu zinang'amba mlengalenga. Anthu anaomba m'manja, ena anathamanga kukafupa. A Manasseh anafuula pamaikolofoni kuti pusi wa ku Kopala waimba ngati munthu, ndipo anawanyamula a Chisanga m'malere. Pa khamu lonselo panalibe amene anadziwa kuti nyimboyo yathera pansi pa mgodi, kupatula anthu atatu: a Ezron, Bornwell ndi woimbayo.

A Ezron anadzipanikiza pakati pa anthu mpaka anafika pamene a Chisanga ankaika gitala m'bokosi lake. Anagwada m'fumbi momwemo.

"Adada, nenze kunama. Munali imwe. Namvela na makutu yanga lelo, ni cala canu. Ninakamba cabe cifukwa ca..."

"Imani, ba Mtonga, muzadetsa buluku," anatero a Chisanga mofatsa, akutseka zotsekera za bokosi. "Mwamvela mweka. Sininafikepo. Pamene munakamba, nayamba nakuganiza kuti kapena anali Dalitso zoona. Mutu wa nkhalamba usokoneza vinthu." Anapereka bokosilo kwa Racheal. "Ici ukaike pamwamba pa wadilopu, mwana wanga. Casila nchito."

A Manasseh anawakoka dzanja kupita nawo kumene kunali nyama, akuwanena kuti Mbemba akaimba amadya kawiri. A Ezron anatsala chogwada. Kumbuyo kwawo Bornwell ankakulunga mawaya, atazunguliridwa ndi anyamata ofuna kudziwa za gulu limeneli, ndipo ankawafotokozera mokondwa.

"Banali na magitala yabili. Uyu mudala ni wopelekeza, mwaona mweka pamene alekezela. Pokwela anaimba Dalitso. Funsani ba Mtonga aba, ndiye baziba vonse, na beve banavomela."

Anyamatawo anatembenuka kuyang'ana a Ezron, akudikira kuti katswiri atsimikize.